Kodi Mulanje ali ndi mabuku ake?

Mphunzitsi wina wa ku Chitakale wandilembera imelo. Akuti ana a Fomu 3 anamufunsa ngati pali buku lonena za boma la Mulanje ndi mbiri yake, iye n'kusowa choyankha. Anamvanso kuti J.R.R. Tolkien, mlembi wa mabuku wa ku Britain, anakwerapo phiri la Mulanje, ndiye akufuna kudziwa ngati n'zoona.

Aphunzitsi, ya Tolkien ija itayeni. Munthuyo anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anachoka ali ndi zaka zitatu ndipo sanapondenso mu Africa.

Buku lenileni ndi la Laurens van der Post, Venture to the Interior, la 1952. Boma la Britain linamutuma mu 1949 kudzayendera phirili. Paulendowo mkulu wa zankhalango, Fred France, anakokoloka ndi madzi powoloka Ruo. M'bukumo akutchedwa Vance, ndipo kanyumba kake pa Chambe mpaka lero ndi France's Cottage. Liwerengeni ndi anawo, koma muwafunse kuti onyamula katundu aja, amene ankadziwa njira iliyonse, akulankhula kangati m'bukumo. Ine pamenepo mtima umandiwawa, chifukwa amenewo ndi agogo a ana anuwo.

Boma la Mulanje linayamba ngati linga la asilikali, Fort Anderson. Linzake, Fort Lister, linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kutseka njira yomwe akapolo ankadutsira popita kunyanja ya mchere. Tiyi anali atafika kale: Henry Brown, amene anagwirapo ntchito ku mishoni ya Blantyre, anamudzala kuno mu 1891. Minda itakula, Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique anadzakhala m'maesiteti, n'kumalipira malo okhalawo ndi thukuta lawo. Ndiye thangata uja. Mukamva Chilhomwe, Chiyao ndi Chimang'anja zikusakanikirana pamsika wa Chitakale, pakati pa milu ya nanazi ndi anyamata a kabaza, gwero lake ndi limeneli.

Anthu amenewa sanasiye mabuku, koma sanakhale chete. Mwana aliyense wa kuno anamvapo kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phirimo, udye wekha osaitana mnzako. Anamva za tianthu tatifupi tofunsa kuti "Mwandionera pati?", za Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, za Sapitwa, nsonga ya phirili ya mamita 3,002, kumene makolo ankaopa kufikako. Anamvanso za Napolo, amene anthu anati ndiye anatsika ku Phalombe mu 1991 madzi ndi miyala zitasesa midzi. Steve Chimombo anatenga Napolo yemweyu n'kulemba Napolo Poems mu 1987. Iye anali wa ku Zomba, komabe ana anu akhoza kuona kuti nthano ya kumudzi imakwanira kukhala ndakatulo yosindikizidwa. Gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, phiri lenilenilo mu 2025, ndipo analilemba chifukwa cha miyambo ndi mizimu yake.

Ndiye atumeni anawo kwa amayi okalamba amene anathyola tiyi dengu lili kumsana. Akafunse nyimbo zomwe ankaimba m'mizere, kapitawo ankamutcha dzina lanji akatembenuka, sikelo inkayikidwa pati. Ya Chilhomwe akailembe m'Chilhomwe momwemo, pamodzi ndi mudzi wa woimbayo ndi chaka chomwe anayamba ntchito.