Kodi apapa akale ankagulitsadi chikhululukiro?

Funso: Akonzi, ndine Mkatolika. Achimwene anga amanditonza kuti kale Mpingo unkagulitsa chikhululukiro cha machimo. Ndi zoona, kapena ndi mabodza a Martin Luther? Mayi E.

Yankho: Mayi, nanenso ndine Mkatolika, ndipo zimandiwawa kuvomera kuti achimwene anuwo sakunama kwenikweni. Chiphunzitso chinkati indulujensiya imachotsa chilango cha machimo okhululukidwa kale, koma alaliki ena ankaitsatsa ngati malonda a chikhululukiro.

Gwero la mkangano wa nthawi ya Luther linali ngongole. Mu 1514, Albrecht wa ku Brandenburg, asanakwanitse zaka 25, adakhala arkiepiskopi wa Mainz ku Germany ali kale ndi madayosizi a Magdeburg ndi Halberstadt. Kuti Roma amulole kugwira onse atatu, adalipira ndalama zankhaninkhani zimene adakongola ku banki ya a Fugger ku Augsburg. Papa Leo X adavomereza kuti indulujensiya ilalikidwe m'dera lake, theka la zopereka limangire tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma, theka lina libweze ngongoleyo. Ndiye taganizirani mayi wamasiye atamva ulaliki wa Johann Tetzel, yemwe ankalalikira indulujensiyayo, akuponya kandalama kake m'bokosi kuti mwamuna wake atuluke mu purigatoriyo, osadziwa kuti akulipirira mpando wa episkopi. Ine apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Mfundo 95 zimene Luther adalemba potsutsa malondawa mu 1517 zidadza kaamba ka zimenezi.

Auzeninso achimwenewo kuti Akatolika eniake sadakhale chete. Mu 1523 nthumwi ya Papa Adrian VI idakavomereza ku Nuremberg kuti matendawa adayambira kumutu, ku Roma komweko. Mu 1537 makadinala ndi aepiskopi, motsogozedwa ndi Gasparo Contarini, adalembera Papa Paul III mosabisa mawu za kugulitsa maudindo ndi kudzoza ansembe osaphunzira. Papayo adawamvera, ngakhale iye yemwe adali atapatsa adzukulu ake awiri ukadinala ali ndi zaka 14 ndi 16.

Msonkhano waukulu wa aepiskopi wa ku Trent, wa 1545 mpaka 1563, udalamula aepiskopi kukhala m'madayosizi awo ndi kutsegula maseminale. Mu 1567 Papa Pius V adathetsa indulujensiya zolipiritsa ndalama. Koma kukondera abale kudakakamira zaka zina zoposa 100, mpaka Papa Innocent XII adakuletsa ndi lamulo mu 1692.