Chotupa chili m'mapapo, nanga akuwaletseranji madzi?

Mayi wina wa ku Ulónguè wandilembera imelo. Bambo ake, omwe akhala akusuta chingambwe kuyambira ali anyamata, anawapeza ndi khansa ya m'mapapo ku Tete. Kenako anayamba kusanza, kuwodzera masana, mpaka kuiwala mayina a adzukulu awo. Atayezedwa magazi, adokotala anati mchere wachepa m'thupi, n'kulamula kuti asamamwe madzi ambiri. "Matenda a m'chifuwa akukhudzana bwanji ndi mchere?" akufunsa mayiyu. "Ndipo kutentha kwa ku Tete kuja, munthu n'kumumana madzi? Kumudzi ayamba kunena zoti anawalodza."

Mayi, zimene mwafotokozazi n'zodziwika bwino kuchipatala, ndipo zilibe mfiti.

Mahomoni, timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo zochita, ali ndi kwawo kumene amapangidwa, monga chithokomiro cha pakhosi, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndi m'munsi mwa ubongo. Koma pafupifupi selo iliyonse m'thupi imasunga malangizo onse, ngakhale a ntchito zimene si zake, kungoti amakhala otsekedwa. Selo ikasanduka ya khansa imatha kuwatsekula, basi chotupa cha m'mapapo n'kuyamba kutulutsa homoni. Choipa n'chakuti chotupa sichimva kuti "zakwana".

Homoni imene ikugwirizana ndi za bambo anu ndi ADH. Imachokera m'munsi mwa ubongo, ndipo ntchito yake n'kuuza impso kuti zisunge madzi thupi likauma. Khansa ya m'mapapo ya mtundu wa maselo ang'onoang'ono, imene imakonda osuta fodya, imaipanga mwa wodwala pafupifupi mmodzi pa 10 alionse. William Schwartz ndi Frederic Bartter anafotokoza zimenezi mu 1957, ataziona mwa odwala awiri a khansa ya m'mapapo. Impso zimangosunga madzi, mkodzo n'kumatuluka wochepa koma wakupsa. Zili ngati ndiwo zimene mwathiramo madzi ambiri: mchere ndi womwe uja, koma wasukuluka. Pa pepala la zotsatira fufuzani pamene alemba sódio, dzina la mcherewu m'Chipwitikizi. Kwa munthu wabwinobwino pamakhala 135 mpaka 145. Ikatsika kuchepera 120, madzi amalowa m'maselo a ubongo, munthu amasokonezeka, amatha kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu.

N'chifukwa chake kapu iliyonse yowonjezera, ngakhale mwapereka mwachifundo, ikuwapweteka. Musayesenso kuthira mchere wambiri m'phala. Mchere wa m'magazi ukakwera mofulumira umawononga ubongo, choncho kuchipatala amaukweza pang'onopang'ono, akuyeza. Chotupa chikayamba kuphwa ndi mankhwala a khansa, nthawi zambiri nawo mchere umabwerera m'malo mwake.

Musatengere malangizo kwa odwala a pabedi loyandikana. Mtundu wina wa khansa ya m'mapapo umatulutsa homoni ina yotchedwa PTHrP, imene inadziwika mu 1987. Iyo imakoka kashiamu m'mafupa, wodwala n'kumamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, nayenso n'kusokonezeka mutu. Ameneyu amafunika madzi ambiri, mpaka diripi. Onse awiri akubwebweta, koma thandizo lake n'losiyana kotheratu. Palinso zotupa zopanga homoni yotchedwa ACTH, zimene zimakweza shuga ndi BP, n'kufooketsa miyendo. Khansa ya chiwindi, yomwe ndi yofala m'Mozambique muno chifukwa cha hepatitis B ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga, nthawi zina imagwetsa shuga mpaka munthu kukomoka m'mamawa.

Mukapitanso, afunseni adokotala kuti chotupacho n'cha mtundu uti, komanso ngati aunika mutu, popeza khansa ikafalikira ku ubongo imasokonezanso chimodzimodzi. Akuuzeni muyezo weniweni wa madzi pa tsiku, muuthire m'botolo limodzi m'mawa kuti aliyense pakhomo aziona. Tiyi, maheu ndi phala lamadzimadzi zimawerengedwanso. Bambo akayamba kugona osadzutsika kapena kuphupha, musadikire tsiku limene anakulemberani, pezani galimoto nthawi yomweyo.