Za "HER2 2+": makina kapena dokotala?

Achemwali, mwafunsa ngati "HER2 2+" yomwe yalembedwa pa zotsatira za chotupa cha m'bere yatuluka m'makina kapena waipeza ndi dokotala. Onse awiri amagwirapo ntchito. HER2 ndi puloteni yomwe imachuluka pa maselo a zotupa zina za m'bere.

Kamnofu kamene adadula pachotupacho amakaviika mu formalin, mankhwala oteteza mnofu kuti usawole, n'kukaumitsa m'phula, kenako amakasenga tizidutswa topyapyala kwambiri, ma micrometre 4 kapena 5 basi, n'kutiika pa galasi. Makina monga Ventana BenchMark kapena Leica Bond amayambira pamenepa. Amathira mankhwala otchedwa ma antibody omwe amamatirira puloteni imodzi yokha, monga HER2, ndipo paliponse pomwe puloteniyo ili pamasanduka bulawuni. Makina ena amajambula galasi lonselo kuti lionekere pakompyuta, njira yomwe bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, lidavomereza mu 2017. Kompyuta imatha kuwerenga maselo othimbirira mwachangu, koma wogamula ndi pathologist, dokotala woyeza timinofu pa maikulosikopu.

HER2 amaipatsa 0, 1+, 2+ kapena 3+. Ikakhala 3+ ndiye kuti puloteniyo yachuluka, ndipo mankhwala a trastuzumab angathandize. 2+ ili pakatikati. Pamafunika kuyezanso ndi njira ya FISH, pomwe amawerenga timadontho towala tosonyeza kuchuluka kwa jini ya HER2 m'selo lililonse.

Ine makinawa sindiwakhulupirira mwachimbulimbuli ayi. Kamnofu kakachedwa kulowa mu formalin, kapena kakakhalamo kupitirira maola 72, mtundu uja umatha kunamiza, ndipo makina sangakonze zimenezo. Mukapitanso kuchipatala, muwafunse adokotala ngati FISH yachitika kale kapena akuidikirabe.