Musiala sanabedwe ndi Germany, achimwene

Achimwene, funso lanu lili pawiri. Mwafunsa kuti Jamal Musiala ndi wa dziko liti kwenikweni, poti mwaona chithunzi chake atavala jezi ya England ali ndi Jude Bellingham, bambo ake ndi a ku Nigeria, koma akusewerera Germany. Kenako mwaponyapo kamwala koti Ajeremani anangomuba, ndiponso kuti kutchuka kwake n'kwa ligi yomwe Bayern imangodzitengera chaka ndi chaka. Ndiyamba ndi zakubazo, chifukwa m'pamene sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono.

Mwanayu anabadwira ku Stuttgart pa 26 Febuluwale 2003, ndipo mayi ake ndi Mjeremani. Mpira anayambira ku Fulda, tauni yaing'ono ya pakati pa Germany, pa katimu kotchedwa TSV Lehnerz. Ali ndi zaka 7 banja linasamukira ku England chifukwa mayi ake anapita kukachita maphunziro ku Southampton. Anakhalako pang'ono ku akademi ya Southampton, Chelsea n'kumutenga, ndipo kumeneko anatha zaka 8. Sukulu anaphunzira ku Whitgift ku Croydon, komwe anadutsanso Victor Moses ndi Callum Hudson-Odoi. Ndiye chithunzi mwaonacho si chabodza. Anasewereradi matimu achisodzera a England, mpaka kufika ku timu ya osapitirira zaka 21 mu Novembala 2020, ndipo Bellingham ndi mnzake weniweni wa nthawi imeneyo. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mu 2018 anavalakonso jezi ya Germany ku timu ya osapitirira zaka 16. Mwana wa makomo awiri amadya kuwiri, palibe chodabwitsa.

Lamulo la FIFA silimanga munthu chifukwa cha masewero achisodzera. Ngati unali kale ndi unzika wa dziko linalo, umaloledwa kusintha kamodzi. Kuyambira mu 2020 lamuloli analifewetsanso: ngakhale utasewerako timu yaikulu masewero osapitirira atatu usanakwane zaka 21, mpata wosintha umakhalapobe, bola usakhale kuti unasewera mu mpikisano waukulu ngati World Cup kapena Euro. Ndipo ngati kumeneku ndi kuba, Angerezi asadandaule konse. Declan Rice anasewerera timu yaikulu ya Ireland masewero atatu apaubale asanathawire ku England mu 2019. Jack Grealish nayenso anakulira m'matimu achisodzera a Ireland. Kumbali inayi, Ademola Lookman anatenga World Cup ya osapitirira zaka 20 ndi England mu 2017, kenako n'kusankha Nigeria, mpaka kukhala wosewera wabwino kwambiri mu Africa mu 2024. Kodi pagulu pano alipo anaimba mlandu Nigeria kuti yaba? Tonse tinaomba m'manja. Ifenso kuno nkhaniyi inatikhudzapo mwa mtundu wina: Tamika Mkandawire, wobadwira ku Mzuzu, anasewera Leyton Orient ndi Millwall koma Flames sanailawe, chifukwa nthawi imeneyo lamulo lathu silinkalola unzika wa mayiko awiri.

Tsono chinamukokera ku Germany n'chiyani? Kwa ine yankho lili pa zomwe zinachitika kuyambira mu Julayi 2019, pomwe anachoka ku Chelsea ali ndi zaka 16 n'kupita ku Bayern Munich. Chelsea ija mukuidziwa mmene imachitira ndi ana ake, kuwabwereketsa uku ndi uku mpaka ena kumera ndevu asanalawe bwalo lake la Stamford Bridge. Ku Munich zinthu zinathamanga. Anasewerako timu yachiwiri ya Bayern yomwe inatenga ligi yachitatu ya Germany mu 2020, ndipo pa 20 Juni chaka chomwecho mphunzitsi Hansi Flick anamulowetsa pa masewero a Bundesliga, ligi yaikulu ya Germany, ndi Freiburg ali ndi zaka 17 ndi masiku 115. Panthawiyo panalibe wina anaseweretsedwapo ndi Bayern mu ligi ali wamng'ono chotero. Mu Sepitembala anamwetsa chigoli chake choyamba tsiku lomwe Schalke inakunthidwa 8-0. Pa 23 Febuluwale 2021 anagoletsa mu Champions League ku Rome, Bayern itaswa Lazio 4-1, ndipo m'mawa mwake analengeza kuti wasankha Germany.

Taganizani inuyo mutakhala mnyamata wa zaka 17. Tsiku lililonse mukuchita zokonzekera ndi Neuer, Kimmich, Goretzka, Gnabry ndi Sané, amene ndi msana wa timu ya dziko. Mphunzitsi wa dziko, Joachim Löw, wabwera yekha kudzacheza nanu ku Munich. Ku England nako pamalo omwe mumasewera pali mzere ngati wa pachigayo: Foden, Mount, Grealish, Sancho, Saka. Mukanasankha kuti? Anayamba kusewerera Germany pa 25 Malichi 2021 pomwe anagonjetsa Iceland 3-0, ndipo pomwe ankasewera pa Euro ya chaka chomwecho, chitseko cha England chinali chotseka mpaka kalekale. Choseketsa n'chakuti timu yomwe inawatulutsa pa Euro imeneyo inali England yomweyo, 2-0 pa Wembley, zigoli za Sterling ndi Kane. Löw anamusunga pa benchi mpaka mphindi zoonjezera, n'kumulowetsa madzi atafika kale m'khosi. Ambiri sanamukhululukire mkuluyo pa zimenezi, poti masiku ochepa m'mbuyomo anali Musiala yemweyo amene atangolowa anasokoneza otchinga kumbuyo a Hungary mpaka Goretzka kupeza chigoli cha 2-2 chomwe chinawapulumutsa.

Tibwere ku funso lachiwiri, loti kodi ndi dolo kapena ndi ligi yofewa.

Kuti Bayern imalamulira Bundesliga sindikana. Koma mpira wa Musiala sufuna kuti muone tebulo la ligi, umaoneka ndi maso. Amalandira mpira pakati pa anthu atatu, pamalo poti wina aliyense akanangobweza kumbuyo, iye n'kutembenuka nawo. Njomba zake si zachionetsero zija zowoloka mpira kasanu munthu ali pamodzimodzi. Amangougunda pang'onopang'ono ndi miyendo yonse iwiri, mpira osatalikira phazi, thupi likupendamira uku iye akupita uko. Miyendo yake yaitali yoonda, yooneka ngati agwa pompano koma osagwa, ndi imene inachititsa Leroy Sané kumupatsa dzina loti Bambi, kamwana ka gwape ka m'filimu. Wotchinga kumbuyo akaponya mwendo, mpira wachoka kale, chatsala ndi faulo.

Ngati mukufuna umboni wa kunja kwa Bundesliga, bwererani ku Qatar mu 2022. Germany inachita manyazi, kutuluka m'gulu kachiwiri motsatizana: kugonja 2-1 ndi Japan, kufanana mphamvu 1-1 ndi Spain, kupambana 4-2 ndi Costa Rica koma osathandiza kanthu. M'timu yonse ija munthu amene ankaoneka kuti ali moyo anali mnyamata wa zaka 19. Apa ndivomerezenso mbali yanu: sanagoletse ngakhale chimodzi. Pa masewero a Japan anadyetsa njomba anthu angapo m'bokosi, atatsala ndi goloboyi n'kuuponya m'mwamba. Pa Costa Rica anamenya chitsulo kawiri. Nthawi imeneyo kumalizitsa kunali kufooka kwake kwenikweni, ndipo amene ankamunena kuti amaphika bwino koma osapakula sankanama.

Tsiku limene ine ndinasiya kumukayikira ndi 27 Meyi 2023. Bayern chaka chimenecho inali pa chipwirikiti, itachotsa mphunzitsi Nagelsmann mu Malichi n'kubweretsa Tuchel, ndipo pofika tsiku lomaliza Dortmund ndiyo inali pamwamba, ikungofunika kupambana pakhomo ndi Mainz. Bayern inali ku Köln. Coman anagoletsa koyambirira, Köln n'kubweza pa penate kutatsala mphindi zosakwana 10. Zikanathera pomwepo, chikho chinali cha Dortmund ngakhale inali ikuvutika kwawo. Musiala anali pa benchi, analowa chakumapeto. Mphindi ya 89 analandira mpira kunja kwa bokosi, n'kutembenuka kamodzi, n'kuukhomera pansi pakona. Dortmund inathera 2-2, matimu onse mapointi 71, Bayern n'kutenga ligi ya nambala 11 motsatizana chifukwa cha kuchuluka kwa zigoli. Kuti mudziwe mmene zinthu zinalili zoipa m'nyumbamo, tsiku lomwelo la chikondwerero akuluakulu awiri a timuyo, Oliver Kahn ndi Hasan Salihamidžić, anachotsedwa ntchito. Ligi "yofewa" ija inali itapita, anaibweza ndi mwana wa zaka 20 yemwe anamaliza chakacho ndi zigoli 12 mu ligi. Chaka chotsatira inapitadi, Leverkusen ya Xabi Alonso inatenga osagonjako ngakhale kamodzi, ndipo Bayern inadzaibweza mu 2025 ili ndi Vincent Kompany.

Pa Euro 2024, yochitikira kwawo, za kusamalizitsa zija zinatha. Anagoletsa pa 5-1 ya Scotland, anagoletsa pa Hungary mu Stuttgart momwe anabadwira, anagoletsanso pa Denmark ku Dortmund usiku womwe masewero anaimitsidwa kaye chifukwa cha ziphaliwali. Zigoli zitatu, mofanana ndi ena asanu omwe anagawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri, ndipo anasankhidwa m'timu ya osewera abwino a mpikisanowo. Anatuluka mu makotafainolo ndi Spain, 2-1, chigoli cha mutu cha Merino pa mphindi ya 119. Mpira uja unamenya dzanja la Cucurella wa Spain m'bokosi, umene Ajeremani akuulirabe mpaka lero, anaumenya ndi Musiala. Woimbira amene anakana penateyo anali Anthony Taylor, Mngerezi. Mwina pamenepo ndi pomwe England inabwezera, achimwene.

Pali malo amodzi pomwe ndingakupatseni mfundo popanda kukangana. Mu Champions League sananyamulebe Bayern paphewa mpaka kukafika nayo kumapeto. Mu 2020 pomwe Bayern inatenga chikhochi iye anali kamwana kongoyamba kumene. Mu 2024 anatulutsidwa ndi Real Madrid mu semifainolo, Joselu atagoletsa ziwiri kumapeto. Mu 2025 pokumana ndi Inter iye anali panja atavulala mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Bellingham ali nacho chikho chimenecho ngati wosewera wodalirika, Musiala ayi. Za kumuyerekeza ndi Florian Wirtz, mnzake wobadwa chaka chimodzi yemwe anapita ku Liverpool mu 2025, ndingoti Wirtz amaona pasi msanga, Musiala amaswa khoma yekha, ndipo Nagelsmann, ali mphunzitsi wa Germany, anaonetsa pa Euro 2024 kuti awiriwa akhoza kusewera limodzi popanda kupondana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si ligi yomwe akusewera, ndi mwendo. Mu Febuluwale 2025 anasaina kontilakiti yofika 2030, ndipo atachoka Sané anasiya nambala 42 n'kutenga 10. Atangochira kuvulala kwa ntchafu kuja anapita ku Club World Cup ku America, n'kumwetsa zitatu pomwe Auckland City inasambitsidwa 10-0. Kenako pa 5 Julayi ku Atlanta, pokumana ndi PSG, chigawo choyamba chili pafupi kutha, goloboyi wa PSG Donnarumma anadumphira mpira n'kugwera pa mwendo wake wamanzere. Fupa laling'ono la kunja kwa msongolo linathyoka, kakolo n'kuguluka. Amene munaonera mukukumbukira kuti Donnarumma yemweyo anagwira kumaso osafuna kuyang'ana. Wosewera wodalira mphamvu kapena mitu akhoza kuchira kuvulala kotere n'kupitiriza ngati kale. Koma mpira wonse wa Musiala uli m'kakolo, kutembenuka pamalo pothina, kuima mwadzidzidzi, kulowetsa phazi pomwe pali nsapato zitatu. Mukamamuonera tsopano musawerenge zigoli kaye. Yang'anani akalandira mpira atapatsa golo msana, munthu ali pambuyo pake, ngati akutembenukirabe pa mwendo wamanzere uja kapena akubweza mpira kwa Kimmich.