Filimu imadumpha zaka: yankho kwa mayi a ku Chinamwali

Mayi ena a ku Chinamwali kuno ku Zomba andilembera kuti mwana wawo wa Fomu 3 wayamba kunyozera masamu ndi fizikisi chionereni filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind. Mnyamatayo akuti William Kamkwamba anatchuka atasiya sukulu, choncho iyenso angakhale katswiri wa sayansi popanda kuvutika ndi mayeso a MSCE.

Mayi, musamuletse filimuyo, chifukwa chidwi chimene yamupatsa n'chamtengo wapatali. Koma mumufotokozere kuti opanga mafilimu amapanikiza zaka zambiri m'maola awiri, ndipo chimene amayamba kutaya ndi khama la tsiku ndi tsiku. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, sanasiye sukulu mwakufuna kwake: njala ya 2001 ndi 2002 inachititsa kuti makolo ake alephere kulipira fizi. Ali pakhomo ankapitabe ku laibulale, komwe anapeza buku la Using Energy, n'kumalimbana ndi zithunzi zake ngakhale Chingerezi chinkamuvuta. Makina ake oyamba oyendera mphepo, omwe anawapanga ndi dainamo ya njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, ankayatsa mababu ndi kuliza wailesi pakhomo. Zopopa madzi, zomwe filimu ya 2019 ija imaonetsa ngati zinathetsa njala nthawi yomweyo, zinabwera patapita zaka. Mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi, anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kumaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014. Zimandipweteka mtima kuti ana athu ambiri sadziwa mbali imeneyi ya nkhaniyi.

Chikhalidwe nachonso chimafupikitsidwa chimodzimodzi. Gule Wamkulu amaonekamo mokongola, koma woonera sangadziwe mwambo wonse wa Achewa umene uli kuseri kwa zilombozo, ndipo khutu la Mmalawi limamva msanga kuti ena mwa ochita seweroli Chichewa anachita kuphunzira.

Mwana wanuyo ali ndi mwayi wokhala mu mzinda momwe sayansi yeniyeni ikuchitika. Pemphani aphunzitsi ake akonze ulendo wa kalasi ku Geological Survey Department kapena ku National Herbarium and Botanic Gardens, akaone anthu akuyeza miyala, kuumitsa masamba ndi kulemba zotsatira mobwerezabwereza. Akabwerako mukhale naye pansi muwerengere limodzi zofunika: kuti NCHE, bungwe losankha ophunzira opita kumayunivesite aboma, imusankhire ku University of Malawi, MUST kapena MUBAS, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a sayansi amafunanso kuti akhoze bwino masamu. Mukaona kuti chimene chamukoka kwenikweni ndi kamera ndi kafotokozedwe ka nkhani, mundilemberenso, tikambirane za maphunziro a zisudzo omwe amaperekedwa pa University of Malawi konkuno ku Zomba.