Tala yoti amayi avale akachotsa chikhakha cha chala chachikulu

Achemwali mwaswera bwanji kumeneko ku Moatize, pepani ndachedwa kuyankha, netiweki kuno ku Ulónguè inavuta dzulo lonse. Ndawerenga zomwe mwalemba zija, mukuti amayi anawapanga opaleshoni ya nyamakazi patsinde pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, lero ndi tsiku la 9 ali m'chikhakha, ndiye achimwene a ku Joni atumiza zithunzi za matala amitundu itatu, zovala padzanja zija zogwira chala kuti chisamagwedezeke, akufunsa kuti agule iti. Ine opaleshoni yomweyo anandipanga dzanja lamanzere, ndine wosoka pamakina ndiye nkhaniyi ndinaimva m'thupi, ndikuuzani momwe ndinaonera.

Auzeni achimwenewo asathamangire kugula zonse zitatu. Matala amenewo sapikisana ayi, iliyonse ili ndi nyengo yake, ndipo yofewa yakuda ija imene ikuoneka yokongola pachithunzi ndi imene imabwera kumapeto kwenikweni.

Kuti mumvetse chifukwa chake. Pansi pa chala chachikulu, pomwe chimakumana ndi mkono, pali kafupa kakang'ono dzina lake trapezium, ndi kamene chalacho chimakhalira ngati mpando. Nyamakazi ikadya pamenepo mafupa amakhulana okhaokha, ndiye madokotala ambiri amangokachotsa kafupako, ena amatenganso kachidutswa ka mtsempha wa pamkono nkukulunga pamalopo kuti chala chisatitimire. Tsopano pomwe panali fupa pamatsala mpata, thupi limadzaza lokha pang'onopang'ono ndi mnofu wolimba ngati wa chipsera, ndipo zimenezi zimatenga masabata. Ntchito ya tala ndi kugwira chalacho pamalo abwino mpaka mnofuwo ukhwime. Koma pali ena amene amawalumikiza mafupa ndi zitsulo kuti pasamasunthenso, ena amawaikira mfundo yochita kupanga, amenewa masiku awo ndi ena, ndiye chonde mukafunse adokotala kuti amayi anawapanga iti mwa zimenezi, ndipo akakuuzani zosiyana ndi zanga tsatirani zawo poti iwo ndi amene anaona mkatimo.

Panopa musakhudze kanthu. Chikhakha choyambacho, gesso yomwe amanena kuchipatala, chimakhala masiku 10 mpaka 14 kenako amachotsa ulusi. Chisanyowe, asalowetsemo kamtengo kokandira ngakhale kuyabwe bwanji, ndipo dzanja lizikhala m'mwamba kuposa mtima, pogona muziwaikira mapilo awiri kapena bulangeti lopinda. Akachotsa ulusi madokotala ena amaikanso chikhakha china mpaka sabata ya 4 kapena ya 6, ena amapereka tala yovula. Apa ndi pomwe funso lanu likuyambira.

Yofunika nthawi imeneyo ndi yaitali yolimba ija, m'masitolo amailemba kuti thumb spica. Imayambira pakati pa mkono, kugwira pamfundo ya dzanja, kukwera ndi chala chachikulu koma nsonga ya chalacho imatsala panja kuti izipinda. Ilipo yogula yopangiratu yokhala ndi chitsulo mkati, ndiye ilipo youmbira pa dzanja la munthu. Ine mtima wanga uli pa youmbayi, ndipo poti muli pafupi ndi mzinda mukafunse ku fisioterapia, kumene amachititsa mafizo, ku Hospital Provincial de Tete ngati angawaumbire kapena akulozereni komwe amaumba. Yanga ndinaonerera akuipanga, amatenga pulasitiki yafulati ya timabowo nkuiviika m'madzi otentha a madigiri 60 kapena 70, imafewa ngati chikopa chonyowa, amaipukuta nkuiyala padzanja ikadali yofunda, mphindi zochepa yauma gwa molingana ndi dzanja lako. Ubwino wake waukulu ndi woti kutupa kukaphwa amaitenthetsanso nkuikonza, chifukwa dzanja la sabata ya 2 si dzanja la sabata ya 5, langa linaphwa moti tala inayamba kugwedera ngati nsapato yobwereka ndipo anaikonza kawiri.

Ikapanda kupezeka youmbayo musadandaule, yogula imagwiranso ntchito bola isankhidwe bwino. Achimwene aonetsetse kuti ndi ya dzanja lamanja chifukwa zambiri zimakhala za mbali imodzi, ndipo saizi musaganizire, muyeze ndi tepi ya telala kuzungulira pamfundo ya dzanja tsiku lomwe achotse chikhakha. Ikafika musawaveke nokha kunyumba, pitani nayo kuchipatala akapinde chitsulocho. Poyesera pake ndi apa, atavala dzanja lizioneka ngati agwira botolo la Frozy, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pakhale mpata, ndipo nsonga za zala ziwirizi zizitha kukhudzana. Tala imene ikukanikizira chala chachikulu kuchikhatho ndi yoipa, mpata uja umafupika ndipo pambuyo pake munthu amavutika ngakhale kugwira kapu.

China chimene anthu sakuuzani, kumsana kwa chala chachikulu cha kufupi ndi bala kumadutsa kamtsempha ka kumva kamene kali pafupi kwambiri ndi khungu. Lamba wa tala kapena m'mphepete mwake mukamadinda pamenepo munthu amamva dzanzi kapena kuyaka ngati wagwidwa ndi magetsi. Ine ndinapirira masiku anayi ndikuganiza kuti ndi bala, chikhalirecho inali tala, atangoifutukula pang'ono pamenepo ndinagona tulo usiku womwewo. Amayi athuwa mukuwadziwa sadandaula msanga, ndiye inuyo muziwavula pa nthawi yomwe aloledwa nkuyang'ana khungu, pakakhala pofiira posachoka patatha mphindi 20 ndiye kuti ikufunika kukonza.

Ndiye kutentha kwa kwanuko, Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Thukuta mkati mwa tala limabweretsa zidzolo ndi fungo. Mkati azivala kansalu kathonje, kuchipatala amapereka koma kakatha dulani sokosi yoyera ya thonje kumapazi nkuboola pa chala, mukhale nazo zitatu zosinthira. Tala muzitsuka ndi madzi ozizira ndi sopo, iume pamthunzi. Youmba ija musaisiye padzuwa, pamalata, kutsogolo kwa galimoto kapena pafupi ndi moto chifukwa chomwe chinaifewetsa poumba chidzaifewetsanso. Yanga ndinaiika pambali pa mbaula m'mwezi wa Juni kuno ku Angónia kukuzizira, ndikusamba, pobwera ndinapeza yapindika mbali imodzi, ndinalira ndithu chifukwa unali ulendo winanso wa pa minibasi ndi ndalama zomwe ndinalibe.

Yachiwiri pa zithunzi zanu, yaifupi yongozungulira chikhatho ndi tsinde la chala kusiya mkono womasuka, nthawi yake ndi cha m'ma sabata 6 adokotala akalola. Imeneyo ndi yabwino pogwira tintchito topepuka masana, usiku ena amapitiriza yaitali ija kwa kanthawi. Pali ina ya kampani ya Push, kakang'ono kolimba kosaopa madzi, ndi yodula koma ngati achimwene angakwanitse ndi imene ndingasankhe pa gawo limeneli chifukwa amayi atha kutsuka nayo mbale osaivula. Yofewa yakuda ija, ya nsalu yonga labala yotchedwa neoprene, imangofunditsa ndi kukumbutsa munthu kuti asamale, siigwira chala mokwanira bala likadali laliwisi, ndipo ku Moatize idzawawotcha. Ine ndimaivala mpaka pano masiku amene ndadula nsalu zambiri, koma ndinayamba patatha miyezi itatu.

Tala isakhalenso nyumba yawo. Anthu ena amachita mantha nkumangoivala miyezi ndi miyezi, dzanja limauma ndi kufooka. Kuyambira lero aziyendetsa zala zinayi zija, chigongono ndi phewa, azikweza mkono m'mwamba kangapo patsiku. Akadzawapatsa mafizo a chala chachikulu, monga kukhudza nsonga ya chala chilichonse mmodzimmodzi, azichita monga awauzira osadumpha. Koma ntchito zotsina ndi kupotokola zidikire pafupifupi miyezi itatu, ndikunena kutonola chimanga, kuswa mtedza, kufinya zochapa, kuvundula nsima, kunyamula ndowa, ngakhale kukoka mfundo ya chitenje mwamphamvu. Poti ndi dzanja lamanja kudya kudzawavuta masabata oyambawa, muziwatemera mbamu kapena adye ndi supuni kumanzere, musawasiye azichita manyazi mpaka kugona ndi njala. Mphamvu yeniyeni imabwerera pakati pa miyezi 6 ndi chaka, ine sizasi ndinaigwira bwino mwezi wa 7.

Zala zikazizira kapena kusintha mtundu, kutupa kukamawonjezeka, ululu ukamakula m'malo mochepa, bala likamatuluka mafinya kapena thupi likatentha, musadikire tsiku la kalendala, pitani tsiku lomwelo.

Tsiku lochotsa ulusi mutenge foni muwaonetse adokotala zithunzi zitatuzo, mufunse kuti yaitali avale mpaka liti komanso ngati aziivula posamba. Ndipo munditumizire chithunzi cha yaitaliyo cha mbali ya kuchikhatho ndione pomwe chitsulo chake chadutsa achimwene asanalipire. Muwapatse moni amayi, muwauze kuti mnzawo wa ku Ulónguè anabwerera pamakina ndipo akusoka.