Kodi ndi ndalama za Elon Musk zokha zomwe zinakweza SpaceX?

Aphunzitsi ena a sekondale anandilembera imelo sabata yatha. Akuti ana awo a fomu 4 anaona kanema wa roketi ya kampani ya SpaceX ikutera chilili, ndipo anafunsa kuti kampani ya munthu ingapose bwanji maboma. Iwo akuganiza kuti chinsinsi chake ndi chuma cha Elon Musk basi, ndipo akufuna kumva maganizo anga.

Aphunzitsi, ine ndikuti ayi. Musk anayambitsa SpaceX mu 2002 ndi ndalama zomwe anapeza kampani yotumiza ndalama pa intaneti ya PayPal itagulitsidwa, koma pofika 2008 thumba linali litatsala pang'ono kuuma. Roketi yawo yoyamba, Falcon 1, ankaiulutsira pa kachilumba ka Omelek ku Marshall Islands, ndipo inalephera katatu kotsatizana. Ulendo woyamba, mu 2006, mafuta anadontha moto n'kubuka. Ulendo wachitatu, mu Ogasiti 2008, ndi umene umandimvetsa chisoni kwambiri: zonse zinkayenda bwino, koma chigawo chapansi chitangolekana ndi chapamwamba, injini yake inali ikadali ndi kamphamvu kotsala, n'kugunda chinzakecho. Patangotha milungu isanu ndi itatu, pa 28 Seputembala, anayesanso ndipo zinatheka.

Apa ndiye pamene ambiri amadumpha. Mu Disembala chaka chomwecho NASA, nthambi ya boma la America yoona za maulendo a m'mlengalenga, inapatsa SpaceX kontirakiti ya madola 1.6 biliyoni kuti izinyamula katundu kupita ku International Space Station, malo ochitira kafukufuku omwe amazungulira dziko m'mlengalenga. Ndi ndalama za boma la America zimene zinaimika kampaniyi pa miyendo yake. Chombo chawo cha Dragon chinakafika kumeneko mu 2012, ndipo mu Meyi 2020 chinanyamula anthu koyamba, Bob Behnken ndi Doug Hurley.

Nanga kutera chilili kuja? Kale chigawo chapansi cha roketi nthawi zambiri chinkangotayidwa ulendo umodzi ukatha. Taganizani kugula basi yatsopano, kuchoka nayo ku Blantyre, n'kukaitaya ku Mzuzu. Pa 21 Disembala 2015 chigawo chapansi cha roketi yawo yaikulu, Falcon 9, chinabwerera n'kutera ku Cape Canaveral, ndipo mu Marichi 2017 anaulutsanso china chomwe chinali chitagwira kale ntchito. Mtengo wa ulendo unatsika, maulendo n'kuchuluka, mpaka anakwanitsa kuponya masetilaiti zikwizikwi a Starlink, omwe intaneti yake inafika kuno kwathu mu 2023.

Anawo muwauzenso kuti ngozi sizinathere pa Falcon 1. Mu Seputembala 2016 Falcon 9 inaphulika isananyamuke n'komwe, ndipo setilaiti ya Amos-6, yomwe Facebook inkafuna kugwiritsa ntchito pofalitsa intaneti mu Africa, inapsera momwemo. Maulendo anaima miyezi inayi pamene ankafufuza chomwe chinalakwika pa thanki ya mpweya wa helium, ndipo mu Januwale 2017 anaulukanso.